Makina a khofi ondipatsa mlamu: ndikulakwitsa pati?

"Mlamu wanga wa ku Johannesburg wanditumizira makina ophikira khofi, aja okhala ndi jagi yagalasi pansi ndi kabeseni koikamo pepala pamwamba. Kwathu tinazolowera tiyi ndi Ricoffy, ndiye sindinawagwirepo chibadwire. Tsiku loyamba ndinathira Ricoffy m'pepalamo, zotuluka zake sizinamweke. Kenako ndinagula khofi wogaya wa ku Mzuzu, koma tsiku lina amatuluka wamadzimadzi, tsiku lina wowawa koopsa, ndipo Lamulungu lapitali madzi anasefukira patebulo ponse pamodzi ndi zinyenyeswa za khofi. Makinawo amachitanso phokoso ngati akutsamwa. Kodi anabwera owonongeka kale? Komanso bambo a kunyumba ali ndi BP, kodi angamwe nawo?"
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Mayi, khazikani mtima pansi. Pa zonse mwafotokozazi palibe chosonyeza kuti makina anu ndi owonongeka. Ndagwira ntchito ya khofi kwa zaka zambiri, m'khitchini za malo ogona alendo komanso kuphunzitsa achinyamata ofuna kulowa ntchitoyi, ndipo madandaulo anuwa ndi omwe ndimamva kwa pafupifupi aliyense amene wangoyamba kumene. Makinawa ntchito yake ndi imodzi yokha: kutenthetsa madzi ndi kuwadonthezera pa khofi. Sadziwa kuyeza, sadziwa kusankha khofi, sadziwa ngati pepala lakhala bwino. Kukoma kapena kuipa kwa chimene chigwere m'jagi kumatsimikizika musanadine n'komwe batani.

Tiyambe ndi phokosolo, poti ndi lomwe limaopseza anthu. Pansi pa mbale yotentha imene jagi imakhalapo pali kapaipi kachitsulo kogundana ndi waya wotenthetsa. Madzi ozizira ochokera m'thanki amatsikira m'kapaipiko, amawira, ndipo nthunzi imawakankha kukwera m'kapaipi kena mpaka pamwamba pomwe amadonthera pa khofi. Pali kavalavu kakang'ono koletsa madziwo kubwerera m'thanki. Mulibe pampu m'makinamo, ndi nthunzi yokha imene ikugwira ntchito, n'chifukwa chake madzi amabwera modukizadukiza, phwa, phwa, ndipo phokoso limakula kumapeto pamene thanki yatsala pang'ono kuuma. Mukamva kutsamwa kwakukulu kuja dziwani kuti khofi watha kuphikidwa. Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa ndi pamene phokoso lachuluka kuyambira pachiyambi, nthunzi ili tolotolo koma madzi akudontha pang'onopang'ono. Za zimenezo ndinena kutsogoloku.

Za Ricoffy ndi zachidule. Ameneyo, monga khofi aliyense wongosungunula, anaphikidwa kale ku fakitale n'kuumitsidwa, ndipo ndi wosakaniza ndi muzu wotchedwa chicory. Amangofuna kapu ndi madzi otentha. M'makina mumalowa nyemba za khofi zokazinga ndi kugaya basi, zimene sizisungunuka koma zimatsala m'pepala. Munachita bwino kugula wa ku Mzuzu. Khofi ameneyu amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono m'mapiri a Misuku ku Chitipa, a Phoka ku Rumphi, ku Viphya ndi kumtunda kwa Nkhata Bay, ndipo ndi wa mtundu wa arabica. Kummwera, ku Thyolo, kulinso maesiteti monga Satemwa amene amalima khofi pambali pa tiyi. Zimandiwawa mumtima kuona kuti khofi wathuyu amakayamikiridwa kunja pamene ife tikumwa wa m'zitini wochokera kwina. Ndikuchenjezenitu: khofi wa kumapiri athuwa amakhala ndi kakuwawasa pang'ono konga ka chipatso. Kwa munthu wozolowera Ricoffy, tsiku loyamba amaona ngati china chake chalakwika. Sikulakwika kumeneko, ndi chibadwa chake.

Tsopano tifike pa gwero la mavuto anu, lomwe ndi muyezo. Mwanena kuti tsiku lina wamadzimadzi, tsiku lina wowawa. Zimenezi zikundiuza kuti mukuthira mongoyerekeza, monga timachitira ndi masamba a tiyi m'ketulo. Tiyi amalolera zimenezo, khofi salola. Muyezo umene ophika khofi amayambirapo ndi magalamu 60 a khofi pa lita imodzi ya madzi. Pa kapu yaikulu imodzi, ya mamililita 250, ndiye kuti magalamu 15, omwe ndi pafupifupi masupuni aakulu awiri odzaza motumphuka. Ngati muli ndi kasikelo ka m'khitchini, kagwiritseni ntchito, chifukwa supuni imanama: khofi wokazinga kwambiri amapepuka, ndipo kutumphuka kwa lero si kwa mawa. Ngati mulibe, sankhani supuni imodzi, ikhale ya khofi basi, ndipo muzidzaza mofanana tsiku ndi tsiku.

Pali msampha pa manambala olembedwa m'mbali mwa thanki. Pakalembedwa 10 sizikutanthauza makapu khumi a kwathu kuno. Opanga makinawa kawirikawiri amawerengera timakapu tating'ono ta mamililita pafupifupi 125, ndiye "makapu 10" ndi lita imodzi ndi kota, omwe ndi makapu athu aakulu asanu. Tengani botolo lomwe mukudziwa kuti ndi la theka la lita, thirani madzi ake m'thanki, muone pamene afika, ndipo mukumbukire mzere umenewo. Pa theka la lita mukufunika magalamu 30. Mwanjira imeneyi paketi ya magalamu 250 ikupatsani malita anayi ndi pang'ono, makapu aakulu pafupifupi 16. Ndikudziwa kuti ambiri akamva masamuwa amafuna kuchepetsa khofi kuti paketi ikhalitse. Apa ndi pamene pamabwera chodabwitsa: mukachepetsa khofi, madzi ambiri amadutsa pa ufa wochepa n'kukokamo ngakhale zowawa zimene zimayenera kutsala m'pepala. Mumapeza khofi wopepuka komanso wowawa nthawi imodzi. Ngati muyezo wabwinowu ukukulemerani pakamwa, phikani momwemo, kenako muthire madzi otentha kapena mkaka m'kapu. Kusungunula khofi wophikidwa bwino sikufanana ndi kuphika ndi khofi wochepa.

Chachiwiri ndi kagayidwe, ndipo ndikukayikira kuti ndi kamene kananyowetsa tebulo lanu. Tengani khofi pang'ono, mumupekese pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Woyenera makina anuwa azimveka ngati shuga wa m'paketi, timibulu tomveka m'zala, osati wosalala ngati ufa woyera. Khofi wosalala kwambiri ndi wa makina a espresso, aja opanikiza madzi mwamphamvu pa khofi. Mukamuika m'pepala amatseka timabowo take, madzi amadzaza m'kabeseni kuposa mmene akutulukira, kenako amasefukira ndi zinyenyeswa zomwe. Ngakhale asasefukire, madzi amakhalitsa pa khofi ndipo amatuluka wowawa, woumitsa kukhosi. Wokhakhala kwambiri, uja amagayira plunger (jagi yokhala ndi sefa yokankhira pansi ndi dzanja), madzi amangodutsa osatengamo kanthu, ndiye mumamwa madzi ofiirira owawasa. Pogula yang'anani mawu akuti "filter" kapena "medium" papaketi, ndipo ngati mukugula pamalo pomwe amagaya pomwepo, auzeni kuti ndi wa makina a pepala. Koloko ikuthandizaninso: jagi ya lita imodzi iyenera kutha m'mphindi zapakati pa 5 ndi 8.

Mukatha kuphika musamafulumire kutaya pepala. Tsegulani chivundikiro muyang'ane. Khofi wotsalayo akakhala wonyowa ponseponse, wosalazika bwino, kabowo kosazama pakati, zinthu zayenda. Mukaona matope onyezimira omatirira mpaka m'milomo ya pepala, ufa unali wosalala kwambiri kapena unachuluka. Mukaona malo ena ouma m'mbali, madzi sanafike ponse, ndipo khofi amene munalipira ndalama watsala wosagwiritsidwa ntchito. Makina otsika mtengo ambiri amadonthezera pakati pokha. Mankhwala ake ndi osavuta: salazani khofi musanayatse pogwedeza kabeseni pang'ono, ndipo madzi oyamba akanyowetsa khofi, zimitsani makina kwa theka la mphindi, takasani modekha ndi supuni osaboola pepala, n'kuyatsanso. Khofi akakhala watsopano mudzaona akufufuma ndi kutulutsa thovu. Umenewo ndi mpweya umene unatsekeredwa m'nyemba pokazinga, ndipo ukatuluka madzi amalowerera bwino. Samalani ndi nthunzi potsegula, imawotcha.

Kusefukira kuli ndi zifukwa zinanso ziwiri, ndipo zonse ndi zazing'ono. Chotsani kabeseni mukatembenuze. Pansi pake pali kachinthu ka sipuling'i kamene kamatseka bowo. Chivundikiro cha jagi chili ndi kanundu pakati, ndipo jagi ikalowa mpaka kumapeto kanunduko kamakankha sipuling'i m'mwamba, bowo n'kutseguka. Mukaika jagi yopanda chivundikiro, kapena ikatsalira pang'ono chabe osafika pamalo pake, bowo limakhala lotseka pamene madzi akupitirira kubwera. Anthu ambiri amene ndawathandiza pa vuto la kusefukira, mlandu unali pamenepa. Chinacho ndi pepala. Mapepala alipo a mitundu iwiri: osongoka pansi, amene amalembedwa manambala monga 2 kapena 4 (ena amalemba 1x2 ndi 1x4), ndi a fulati pansi okhala ndi makwinya m'mbali. Yang'anani maonekedwe a kabeseni kanu mugule logwirizana nako. Makina a jagi yaikulu okhala ndi kabeseni kosongoka nthawi zambiri amafuna nambala 4. Pepala losongoka lili ndi msoko pansi ndi m'mbali. Pindani msoko wapansi kuloza mbali ina, wam'mbali kuloza mbali inayo, kuti likhazikike. Kenako linyowetseni ndi madzi otentha pang'ono, mutaye madziwo. Likanyowa limamatirira kukabeseni, siligwera mkati, ndipo fungo la pepala limachoka.

Pepala limeneli musalione kuchepa. Analitulukira ndi mayi wina wa ku Dresden, ku Germany, Melitta Bentz, m'chaka cha 1908, atatopa ndi zinyenyeswa m'kapu. Anaboola kapoto kachitsulo n'kuyalamo pepala loumitsira inki la m'buku la kusukulu la mwana wake. Kupatula kusefa zinyenyeswa, pepala limagwiranso mafuta ena a m'khofi otchedwa cafestol, amene amakweza kolesterolo m'magazi mwa anthu omwa kwambiri khofi wosasefa. Ndikutchula zimenezi chifukwa cha bambo a kunyumba. Makina ena amabwera ndi kasefa ka waya kosatha, ndipo ndi kothandiza pamene mapepala asowa m'mashopu, koma kamalola mafutawo ndi fumbi la khofi kudutsa. Mapepala akatha musaikemo tishu kapena saviyeti. Amang'ambika, ndipo sanapangidwe kuti muzidutsa madzi otentha oti munthu amwe.

Madzi ndiwo mbali yaikulu ya zimene mukumwa, choncho ngati akununkha m'tambula adzanunkhanso m'khofi. A pampopi akamamveka mankhwala, atungeni madzulo agone m'chigubu chosatseka kwambiri, fungolo limachepa. M'thanki muzithira madzi ozizira okha. Mkaka ndi shuga malo ake ndi m'kapu. Mkaka ukalowa m'kapaipi kaja umapserera ndi kuwola momwemo, ndipo palibe njira yoti mulowetsemo dzanja kukatsuka. Musabwezerenso khofi wophika kale m'thanki pofuna kumutenthetsa.

Ngati mumamwa madzi a pamjigo, yang'anani m'ketulo yanu. Mukaona zoyera zokakamira pansi, zomwezonso zikuundana m'kapaipi ka makina. Ndi zimene zimabweretsa vuto lija ndinatchula: kuphika mochedwa, nthunzi yambiri, khofi wofunda chabe. Sakanizani viniga woyera ndi madzi mofanana, dzazani thanki, ikani pepala lopanda khofi, yatsani. Theka likatsika zimitsani, mudikire mphindi 30, kenako malizani. Mukatero yendetsani madzi okhaokha kawiri kapena katatu mpaka fungo la viniga litatha. Kumene madzi ali ndi zoyerazi chitani zimenezi mwezi uliwonse, kwina miyezi itatu iliyonse ndi yokwanira. Ngati kabuku ka makina kalipo kawerengeni kaye, chifukwa opanga ena amaletsa viniga n'kulimbikitsa citric acid. Ndipo poti makinawa mwina anakhalitsa m'katoni, ngati simunawayendetse ndi madzi okha musanayambe, chitani lero. Jagi, chivundikiro ndi kabeseni zitsukeni ndi sopo tsiku lililonse. Mafuta a khofi akagonera amasasa, ndipo amaipitsa khofi wa mawa ngakhale mwayeza bwino chotani.

Chinthu chimene ndimalimbana nacho kwambiri ndi mbale yotentha ija. Anthu amaikonda chifukwa khofi amakhala wotentha mpaka masana, koma imapitiriza kumuphika. Pakadutsa mphindi 20 kapena 30, madzi ayamba kuuma, fungo labwino lathawa, chatsala ndi kuwawa kopserera. Ngati tsiku limene munamva kuwawa koopsa munamwa khofi wokhalitsa pambalepo, yankho ndi limenelo. Khofi akangotha kudontha zimitsani makina, takasani m'jagi chifukwa woyamba kugwa amakhala wamphamvu kuposa womaliza, ndipo wotsala muthireni m'fulasiki imene mwaitsukuluza ndi madzi otentha. Pa chifukwa chomwechi musasolole jagi pakati pa kuphika kuti mutengeko kapu yanu. Inu mumwa wolemera kwambiri, otsatira anu apeza madzi. Dziwaninso kuti makina a jagi yaikulu sachita bwino ndi kapu imodzi yokha, poti khofi amakhala wochepa m'kabeseni ndipo madzi amangodutsa. Yambirani pa theka la lita.

Kasungidwe n'kachidule. Adani a khofi ndi mpweya, chinyezi, kutentha ndi kuwala, ndipo wogayagaya amatha fungo msanga, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala. Paketi ikatsegulidwa finyani mpweya, pindani, muike m'chitini chotseka bwino m'kabati, kutali ndi mbaula. Mufiriji ayi, chifukwa amayamwa chinyezi ndi fungo la ndiwo. Gulani paketi yaing'ono yoti ithe m'masabata awiri kapena atatu. Mukadzazolowera, kachigayo kapamanja ndi nyemba zosagaya zidzasintha khofi wanu kuposa kugula makina ena odula. Ena amafunsa za mtondo. N'zotheka, koma timibulu timatuluka tosiyana kukula, ndipo mtondo umene munasinjiramo nsinjiro kapena tsabola susiya fungo lake.

Pa magetsi muli ndi mwayi. South Africa ndi Malawi onse amagwiritsa ntchito mphamvu ya mavoti 230, ndiye kusiyana kuli pa pulagi pokha: yawo ndi ya mano atatu obulungira, yathu ya mano atatu a makona. Makinawa amakoka mphamvu yambiri, pafupifupi mawati 1,000, choncho timaadaputa totchipa togwedera timatentha mpaka kusungunuka. Ndi bwino wodziwa zamagetsi akuikireni pulagi ya kuno ya fyuzi ya 13A. Kwa ena amene mungalandire makina kuchokera ku America, werengani kaye pansi pake. Akalembedwa 120V musawalumikize, apsa nthawi yomweyo. Za mayunitsi musade nkhawa: kuphika jagi imodzi kumadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a yunitsi. Koma inveta yaing'ono ya panyumba, ija ya mababu ndi TV, siingawanyamule.

Magetsi akathima khofi musamusiye. Zulani pulagi, wiritsani madzi pambaula, tsegulani chivundikiro cha makina, muzithira nokha pang'onopang'ono pa khofi mozungulira, jagi ili pamalo pake. Khofi amafuna madzi a madigiri apakati pa 92 ndi 96. Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo pamtunda wotere madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97, osati 100. Ndiye mukaphula ketulo palibe chodikira nthawi yaitali, pofika pa khofi amakhala ali bwino. Ambiri amadabwa kupeza kuti khofi wothira pamanja chonchi amakoma kuposa wa makina.

Tsopano za bambo. Khofi wosefa ali ndi caffeine (chinthu cha m'khofi chochotsa tulo) wambiri kuposa Ricoffy amene thupi lawo linazolowera. Kapu yaikulu imodzi imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 100 kapena kuposerapo, ndipo caffeine amakweza BP kwa maola angapo, makamaka mwa munthu wosazolowera. Kwa munthu wamkulu wathanzi, malire amene azaumoyo amatchula ndi mamiligalamu 400 patsiku, ndipo kwa mayi woyembekezera ndi 200. Anthu ambiri amene BP yawo ikulamulirika ndi mankhwala amamwa kapu imodzi m'mawa popanda vuto, koma ine ndine wa khofi, osati dokotala wawo. Akamapita kukatenga mankhwala afunse, ndipo anene kuti ndi khofi wosefa, osati wosungunula. Ngati BP yawo ikadali yokwera kwambiri kapena yosakhazikika, adikire kaye yankho la adokotala asanayambe. Tsiku lokayezetsa asamwe khofi atatsala pang'ono kuyezedwa, chifukwa manambala akwera. Akamva mtima kugunda mothamanga, kunjenjemera, mutu kapena kutentha pamtima atamwa, asiye ndipo akanene kuchipatala. Kupweteka pachifuwa kapena kubanika si zodikira nazo mawa. Nonse awiri yesetsani kumwa m'mawa, poti caffeine amakhala m'thupi maola ambiri ndipo kapu ya madzulo imatha kukulandani tulo. Amene ali ndi vuto la kuchepa magazi asamwere khofi pa chakudya, chifukwa amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi.

Mawa m'mawa chitani chonchi: theka la lita ya madzi ozizira, magalamu 30 a khofi wa "filter", pepala lopinda misoko ndi kunyowetsa, jagi yovundikira yolowa mpaka kumapeto. Lawani musanathire shuga. Akawawa, mawa lake gwiritsani ntchito wokhakhala pang'ono. Akakhala wopepuka, onjezerani theka la supuni. Muzisintha chinthu chimodzi patsiku, chifukwa mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza.

Makina enieniwo apite kwa wokonza ngati mwamva fungo la waya wopserera, ngati akukugwirani shoko mukakhudza mbale, ngati akugwetsa magetsi a m'nyumba mukawayatsa, kapena ngati madzi akudontha kuchokera pansi pake osati m'kabeseni. Zikatero zulani pulagi ndipo musawayatsenso. Nyali ikamayaka koma madzi osatentha, nthawi zambiri ndi kafyuzi koteteza kutentha kamene kapsa, ndipo n'kotheka kusintha. Apa muchenjere: amisiri ena amangolumikiza waya pamalo pa kafyuziko kuti makina ayambenso. Akaneni. Kafyuzi kameneko ndi kamene kamadula magetsi makina akatentha mopitirira, ndipo popanda iko pulasitiki imatha kusungunuka n'kuyambitsa moto. Uzani mmisiri aike kena kofanana ndi kakale, akuonetseni kopsako. Jagi ikachita mng'alu, ngakhale waung'ono, isabwererenso pambale yotentha. Podikira ina mukhoza kuchotsa kabeseni, kukakhazika pakamwa pa chiwiya china chosamva kutentha mokankha sipuling'i ija, n'kumathira madzi pamanja monga mmene mungachitire magetsi atathima.